Khoma la Sokosi Imodzi

Mwamuna wopanda ntchito ndi katundu wovuta kusunga m'nyumba. Mpando umakhala pomwe wauika, koma mwamuna wanga ayi. Chiyambireni kukhala pakhomo, amuna anga ankangozungulira ndi levulo m'manja, kachitsulo kaja kokhala ndi kadontho ka madzi komwe amisiri amaonera ngati chinthu chawongoka. Anayeza tebulo, anayeza bedi, anayeza mashelefu a kukhitchini, onse n'kuwapeza ndi mlandu. Tsiku lina ndinawapeza ataika levuloyo pa thabwa langa lositira, akupukusa mutu ngati dokotala amene wapeza chotupa. Anthu a mumsewu mwathu anali atawapatsa kale dzina loti a Levulo, ndipo ine ndinali nditasiya kuwaikira kumbuyo.

Ntchito yawo inali yoika matailosi. Zoona zake anali katswiri: bafa lomwe aika iwo, munthu unkachita manyazi kulowamo ndi litsiro. Koma dzanja lamanja linayamba kunjenjemera. Poyamba linkangoliza supuni m'kapu ya tiyi, kenako linafika pa ntchito. Mayi wina wachuma anawagumulitsa bafa lonse chifukwa cha mzere umodzi wokhota, pamaso pa amisiri omwe iwo anawaphunzitsa kugwira mpeni womangira. Anabwera kunyumba, anatsuka zipangizo zawo chimodzichimodzi, n'kuzitsekera m'bokosi lachitsulo. Anangosiya kunja levulo yokha, kuti izitizunza ife.

Kuyambira pamenepo a Zakale, mkulu amene amagula zipangizo zakale kumapeto kwa msewu, anayamba kutikonda modabwitsa. Ankaima pa shopu yanga n'kufunsa za moyo wa abambo, maso ali kuseri kwa chitseko komwe kunali bokosilo. Ine ndinkadziwa kuti tsiku lomwe bokosi limenelo lidzakwere wilibala ya a Zakale, mwamuna wanga adzakhala pampando osadzukanso. Ndinkawakalipira tsiku lililonse, koma mumtima ndinali ndi mantha.

Shopu yanga ndi yochapa ndi kusita zovala, m'chipinda cha kumaso kwa nyumba yathu. Makasitomala anga ambiri ndi achinyamata a m'nyumba zosanja za kutsidya kwa msewu, aja amagwira ntchito pa laputopu atavala kabudula, mabwana awo ali kunja kwa dziko ndipo sanaonanepo maso ndi maso. Anthu amenewa amatha kulankhula ndi dziko lonse, koma kuchapa malaya amkati kunawakanika. Ena mwa iwo amalandira malipiro mu ndalama za kiripito, ndalama za pa intaneti zomwe sungazimange pansonga ya nsalu, ndipo anayamba kundifunsa ngati ndimalandira.

Nkhaniyi inamupeza mlongo wanga wamng'ono. Timamutchula Tsogolo, chifukwa chilichonse chomwe wagwira amati, "Ili ndiye tsogolo." Tsogolo loyamba linali mankhwala ochepetsa mimba. Lachiwiri linali zinziri, zomwe zinafa zonse m'bafa mwa amayi athu. Tsopano tsogolo linali kiripito, ndipo analowa m'shopu mwanga atatsegula kale pakamwa.

"Achemwali, n'zophweka kwabasi," anatero akudinadina pa foni yanga, yomwe anaitenga osapempha. "Foni yanu ikulemba pempho: lipirani ku chikwama chakuti cha pa intaneti, ndalama zakuti, chifukwa cha zakuti. Pempholo mutha kulitumiza ngati linki pa meseji. Apo ayi, limasanduka khodi ya QR, kabokosi ka timadontho takuda ndi toyera aka. Kasitomala akangolozetsa foni, foni yake ikuwerenga zonse zomwe zili mkati, iye n'kungodina basi."

Ndinayang'ana kabokosiko. Kankaoneka ngati pomwe nkhuku zapalasa.

"Ndiye kuti kanthu aka kazipempha m'malo mwanga?"

"Eya, achemwali."

"Basi ndi m'bale wako. Nako ntchito yake ndi yomweyo."

Sanamve, chifukwa Tsogolo akayamba kulalikira makutu amapita kutchuthi. Analemba pempho loyesera, analozetsa foni yake, foniyo inalira kuti tii, iye n'kudumpha ngati wagoletsa chigoli. Kulipira sanalipire, pakuti Tsogolo ndi kulipira sadziwana. Anajambula sikirinishoti, chithunzi cha khodi yomwe inali pa foniyo, anathamangira kwa wopulinta wa pakona, n'kubwera ndi pepala lomwe analimata pa kauntala. Koma m'shopu yochapira muli nthunzi. Kasitomala ngakhale mmodzi asanaliyese, pepalalo linali litapiringizika n'kugwera m'basiketi ya matawulo.

Amene analitola anali a Levulo. Anali atabwera kudzandiuza kuti kauntala yanga yapendekeka. Analiwongola pepalalo pa ntchafu, analibweretsa pafupi ndi magalasi, analitalikitsa, n'kuliyang'anitsitsa moti ndinaganiza kuti adwala.

"Awa ndi matailosi," anatero.

"Ndi khodi, alamu," anayankha Tsogolo.

"Ndati ndi matailosi. Akuda ndi oyera, mizere yopingasa ndi yotsika. Ndani amaika zinthu zotere papepala ngati malonda a sing'anga?"

Maso a Tsogolo anawala, ndipo ine ndinayenera kumuthamangitsa ndi tsache nthawi yomweyo. "Alamu! Bwanji muiike pakhoma, panja, pafupi ndi chitseko? Yaikulu ngati chitseko chenichenicho! Munthu azilipira ali pakhonde kutsidya. Palibe shopu ina yomwe ili nazo. Ili ndiye..."

"Foni siinama?" anamudula amuna anga.

"Foni siidziwa kunama, alamu."

"Siimva chisoni? Siinena kuti zili bwino pofuna kusangalatsa nkhalamba?"

"Ilibe chisoni ngakhale pang'ono."

Apa anandiyang'ana ine, osati Tsogolo. "Amayi, mumve. Foni ikawerenga khoma langa, ndibwerera ku ntchito. Ikakana, bokosi lija muwaitanire a Zakale."

Ndinafuna kunena kuti moyo wa munthu suikidwa m'manja mwa foni, koma ndinaona mmene analigwirira pepalalo, ndipo ndinabwerera ku thabwa langa lositira.

M'mawa mwake bokosi linatsegulidwa. Abambo anakakulitsa pepala lija kwa wopulinta, analijambula mizere ndi pensulo, n'kukoka zingwe pakhoma. Anagula timatailosi ting'onoting'ono, kalikonse ngati chikhadabo cha chala chachikulu, matumba akuda ndi matumba oyera. Tsogolo analengeza kwa makasitomala kuti za kiripito zidikire tsiku lotsegulira khoma, chifukwa ankafuna kudzajambula vidiyo yoti dziko limudziwe.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhonoyo ikanawaona amuna anga ikanatopa n'kuchoka. Ankatola katailosi kamodzi, n'kuyang'ana papepala, n'kugwira dzanja lamanja ndi lamanzere kuti lisavine, n'kukakhazika. Akamaliza mzere ankaika levulo, n'kudula mzerewo papepala. Anthu odutsa ankaima kufunsa ngati tikumanga bolodi ya masewero. Mlaliki wina wa mumsewu anatiuza kuti chimenecho ndi chizindikiro cha chilombo, kenako anafunsa mtengo wochapitsa jekete.

Ine ndinapuma. Kukhitchini kwanga kunabwerera mtendere, mashelefu anapendekeka mwaufulu. Abambo anayambanso kudya ngati munthu, kuwonjezera mbale, ndi kuimba tinyimbo tawo topanda mutu tomwe ndinkadana nato kale. Ndinkazimitsa dala makina ochapira kuti nditimve.

Vuto ndi loti ine ndili ndi diso. Ndimaona dontho la mafuta pa buluku lakuda munthu asanalowe pakhomo. Khoma litatha, m'mawa wina abambo atapita kukagula sopo wotsukira simenti, ndinatenga pepala lawo kuti ndisirire ntchito. Pamwamba panali bwino, pakati panali bwino. Ndinafika mmunsi, kudzanja lamanzere, pomwe ankagwira atagwada dzuwa likuwawomba pamsana. Pamenepo timatailosi tingapo takuda tinakhala pomwe pepala linkafuna toyera. Ndinawerenganso mizere ndi chala, ndikupemphera kuti wolakwa ndikhale ine. Sindinali ine.

Ndinakatenga mpeni wa kukhitchini. Simenti inali itauma gwa, ndipo ndinadziwa kuti ndikangokanda, munthu amene amaona kupendekeka kwa shelefu ali pakhomo adzaona. Ndinabweza mpeni, ndinabweza pepala pomwe ndinalipeza. Tsiku limenelo ndinasita malaya a munthu mbali imodzi yokha n'kumupatsa.

Tsiku lotsegulira, Tsogolo anaphimba khoma ndi nsalu ya pabedi ya kasitomala wina amene sanauzidwe. Anavala tayi. Achinyamata a kutsidya anatsika ndi mafoni awo, ena atavala mathalauza koyamba m'mwezi umenewo. Amayi ogulitsa zipatso anabwera, wometa tsitsi anabwera ndi kasitomala wometedwa theka. A Zakale nawo anatulukira ndi wilibala yopanda kanthu.

"Ndimangodutsa," anatero.

"Dutsani ndithu," ndinayankha. Sanadutse.

Tsogolo analankhula za tsogolo mpaka anthu anayamba kuyasamula, kenako anakoka nsalu. Anthu anati haa. Ndinene mosabisa, khomalo linali lokongola. Linkanyezimira ngati mano a mwana, mizere yake ili nga! Abambo anaima pambali atavala malaya omwe ndinawasitira, dzanja lamanja atalibisa m'thumba.

Woyamba kulozetsa foni anali mnyamata wandevu amene amachapitsa majuzi okhaokha. Foni inalira kulira koipa kuja, n'kuonetsa zofiira.

"Yakana," anatero.

Wachiwiri anayesa, yakana. Wachitatu anabwerera m'mbuyo mpaka pakati pa msewu, anatsala pang'ono kugundidwa ndi njinga, yakananso. Ndinaona Tsogolo akulozetsa yake. Anawerenga zomwe zinatuluka, nkhope inasintha, n'kulowetsa foni m'thumba mwachangu ngati yotentha.

"Mwina ndi kuwala kwa dzuwa," anatero akumasula tayi. "Kapena... kapena mzere wina wapendekeka pang'ono, alamu. Zinthu izi zimafuna dzanja lokhazikika."

Ndikanakhala ndi simbi yamoto m'manja, bwenzi amayi athu atatsala ndi mwana mmodzi. Koma ndinkadziwa za timatailosi tolakwika tija, ndipo ndinakhulupirira kuti mwanayo akunena zoona.

Abambo sanatsutse. Analowa m'nyumba, ndipo tinamva bokosi likukwekwereka pansi. Analitulutsa okha, analikweza okha pa wilibala ya a Zakale. Kenako anabwerera mkati, anatuluka ndi levulo, anaipukuta ndi mkono wa malaya n'kuigoneka pamwamba pa bokosi. Levulo imene ndinaitukwana miyezi yonseyi, imene ndinalota nditaiponya m'ngalande. Nditaiona pa wilibala paja, ndinayang'ana kumbali.

Pafupi nane panaima mtsikana wa magalasi amene amachapitsa malaya oyera, waulemu, wosalankhula kawirikawiri. Ankayang'anabe foni yake atakwinya nkhope.

"Mwanawe," ndinamufunsa, "kodi chinthu chakocho chikakana, chimangokana? Sichinena chifukwa?"

"Chikunena, amayi. Chikuti pempholi linatha nthawi. Linali la ola limodzi lokha."

"Ola limodzi la chiyani?"

"Mapempho amtundu uwu amakhala ndi nthawi yake. Ikadutsa, salandiranso ndalama." Anakankhira magalasi m'mwamba. "Ndipo pali mawu ofotokoza. Akuti: kuyesa chabe, kuchapa sokosi imodzi."

Wometa tsitsi anaphulika kuseka. Ine sindinaseke. Mutu wanga umayenda pang'onopang'ono pa zinthu za mafoni, koma ukagwira, umagwira ngati pegi yoyanikira zovala.

"Sokosi imeneyo foni yako yaidziwa bwanji? Unailembamo ndiwe?"

"Ayi, amayi. Yawerenga pakhomapo."

"Yatani?"

"Yawerenga. Ikanalephera kuwerenga, bwenzi itangokhala chete ngati ndalozetsa pa thabwa."

Ndinatembenuka. Tsogolo anali atayamba kale kutsetsereka cham'mbali ngati nkhanu. Ndinamugwira ndi tayi yomweyo.

"Iwe! Sokosi imodzi?"

"Achemwali, ndinkangoyesa..."

"Lankhula mokweza, unkafuna dziko likudziwe."

Anafotokoza maso ali pansi. Pa foni paja panali makhodi amitundu iwiri. Ina ndi yokhalitsa, yongosonyeza chikwama cha shopu. Ina ndi ya pempho la kasitomala mmodzi, yokhala ndi mtengo wake ndi nthawi yake, yoti ikagwira ntchito kapena nthawi ikatha, yatha. Iye anajambula sikirinishoti ya pempho loyesera lija. Kutanthauza kuti pomwe ankabwera kuchokera kwa wopulinta, pempholo linali likupuma komaliza, ndipo pomwe abambo ankakanda simenti yoyamba linali litaikidwa kale m'manda. Mwamuna wanga anagwada padzuwa nthawi yonseyi kumangira chipilala mtembo wa sokosi. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu.

Ndinamusiya Tsogolo, ndinalanda foni ya mtsikana uja mwaulemu womwe ndinali nawo, n'kupita pa wilibala. A Zakale anali atagwira kale zogwirira.

"Ikani pansi," ndinawauza. "Abambo, bwerani kuno."

"Amayi, zatha. Musandichititsenso manyazi."

"Ndati bwerani. Munati foni siinama. Bwerani idzakuuzeni yokha."

Anabwera chifukwa anthu ankaonerera. Ndinawapatsa foni m'dzanja lamanja, mwadala. Anaikweza, koma dzanjalo linavina, khoma linkangothamangathamanga pa galasi, foni osagwira kanthu. Anafuna kuitsitsa. Ndinawagwira pamkono ndi manja anga onse awiri, pamaso pa msewu wonse, zomwe sindinachitepo chikwatiraneni. Chithunzi chinakhazikika. Foni inalira, zofiira zinatuluka.

"Werengani pansipo," ndinatero.

Anayandikitsa magalasi. Milomo inayenda kaye yopanda mawu. "Kuyesa chabe. Kuchapa sokosi imodzi." Anayang'ana khoma, anayang'ana foni. "Mawu awa ali m'matailosi anga?"

"Onse, mpaka sokosi."

"Ndiye kuti yawerenga."

"Yawerenga, abambo. Yakana za mlamu wanuyo, osati zanu."

Anaseka. Chinali chiseko choipa, chokhosomola, chomwe chinawatulutsa misozi, ndipo anachisiya chipitirire mpaka misoziyo inapeza chifukwa chotulukira. Kenako anapita pa wilibala, anatenga levulo n'kuikolekera kukhwapa, anatsitsa bokosi.

"Tinali titagwirizana," anadandaula a Zakale.

"Mumangodutsa," ndinawakumbutsa.

Tsogolo, poona kuti sanaphedwe, pakamwa panatsegukanso. "Ndiponso alamu, chosangalatsa ndi makhodiwa n'choti anawapanga kuti ngakhale timadontho tina titala..."

Ndinamuponda chala ndi chidendene. Ndinamukokera m'shopu, kuseri kwa makina, n'kumuuza kuti amalize chiganizo chakecho motsitsa. Anati khodi imanyamula zina zapadera mkati mwake, kuti ngakhale itadetsedwa kapena timadontho tochepa titalakwika, foni imadzaza yokha pomwe paperewera n'kuwerenga bwinobwino. Zikachuluka imalephera, koma zochepa imakhululuka.

"Wamva bwino zomwe wanenazo?" ndinamufunsa.

"Eya, achemwali."

"Uziiwale. Ukadzawauza alamu ako, ndidzakusita khutu."

Khomalo lilipobe. Abambo anakana kuligumula, ndipo shopu yanga, yomwe inali ndi dzina labwino lolembedwa pa chikwangwani, tsopano aliyense amaitchula Pa Sokosi Imodzi. Alendo amaima, amalozetsa foni, amaseka, ena amalowa ndi sokosi imodzi kuti aone ngati ndikwiye. Ndimakwiya, koma ndimachapa. Ofuna kulipira ndi kiripito ndimawalembera pempho latsopano pa foni ndekha n'kuwatumizira linki, chifukwa mtsikana wa magalasi anandiphunzitsa, ndipo Tsogolo ndinamuletsa kugwira foni yanga mpaka adzakwatire.

Ntchito yoyamba yomwe abambo anapeza inali yaing'ono, pansi pa shopu ya wometa tsitsi uja. M'mawa wa tsiku loyambira ndinatuluka kukataya madzi, ndinawapeza atanyonyomala kutsogolo kwa khoma, mmunsi, kudzanja lamanzere. Bokosi linali pambali pawo. Pepala lakale lija linali pa bondo, ndipo chala chawo chinali pa katailosi kakuda, chikunjenjemera.

"Amayi," anatero osatembenuka, "apa munapaona?"

Ndinaika chidebe pansi. "Ine ndimaona madontho a pa zovala. Za makoma muzifunsa foni."

Anayendetsa chala pa katailosiko. Njinga inadutsa, wina kutsidya anatsegula zenera.

"Foniyo inati bwanji?"

"Inawerenga."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anapinda pepala lija, analiponya m'chidebe changa cha madzi a sopo, n'kudzuka mawondo akulira. Ananyamula bokosi ndi dzanja lamanja.

"Musandidikire nkhomaliro," anatero.

Ndinaima pakhomo mpaka analowa kwa wometa tsitsi. Nditabwerera mkati ndinapeza simbi itapsereza kolala ya malaya a mtsikana wa magalasi, ndipo atabwera kudzatenga ndinamuuza kuti maso anga afiira chifukwa cha nthunzi.